Mmene Ubongo Umasungira Zimene Taphunzira

Mu ubongo wa munthu muli maselo otumiza mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi nthambi zambiri, ndipo pamene nthambi yayandikana ndi selo linzake pamatsala kampata kotchedwa sinapusi. Uthenga umawoloka kampatako kudzera m'timadzi timene selo loyamba limatulutsa. Nanga n'chifukwa chiyani nambala ya foni imene mwangouzidwa imaiwalika msanga, pomwe dzina la mudzi wakwanu silichoka m'mutu? Nkhani yagona pa mapuloteni. Chinthu chimakhazikika m'mutu pokhapokha maselo atapanga mapuloteni atsopano, ndipo selo silingoyamba lokha ntchito imeneyi, limadikira kulamulidwa.

Umboni unayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960. Asayansi ankapatsa mbewa ndi nsomba mankhwala oletsa maselo kupanga mapuloteni. Nyamazo zinkaphunzira bwinobwino zimene zaphunzitsidwa n'kuzikumbukira kwa kanthawi, koma pakapita masiku zinkakhala zitaiwala. Amene anatsata bwino njira yonse ndi Eric Kandel wa ku yunivesite ya Columbia ku New York, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000. Iye anasankha Aplysia, kanyama ka m'nyanja yamchere kofanana ndi nkhono, chifukwa kali ndi maselo otere pafupifupi 20,000 okha, akuluakulu osavuta kuwaona. Gulu lake linapeza kuti selo likathiridwa kamodzi timadzi totchedwa serotonin, sinapusi imalimba kwa mphindi zochepa basi, chifukwa selo limangosintha mapuloteni amene lili nawo kale. Koma likathiridwa kasanu, mopumira pakati, kulimbako kumapitirira tsiku lathunthu.

Apa m'pofunika kudekha. Serotonin salowa m'selo, amathera pakhungu lake. Akafika pamenepo, m'kati mumachuluka kanthu kotchedwa cAMP, kamene kamadzutsa puloteni ya PKA. Uthenga ukabwera kamodzi, PKA imagwira ntchito pafupi pomwepo n'kuleka. Ukabwera mobwerezabwereza, PKA imapita pakati pa selo pamene pamasungidwa DNA, n'kudzutsa puloteni ina, CREB, imene imatsegula malangizo opangira mapuloteni atsopano. Zili ngati dandaulo la m'mudzi: lomveka kamodzi limathera kwa nyakwawa, koma lobwera kawirikawiri limafika kwa mfumu, ndipo mfumu ikalamula anthu amayamba kumanga. Ndi mapuloteni amenewo selo limaphuka nthambi zina n'kupanga masinapusi atsopano.

Si mapuloteni onse amene amapangidwira pakati pa selo. Mu 1982, Oswald Steward ndi William Levy anaona tizipangizo topangira mapuloteni m'nthambi momwemo, pafupi ndi masinapusi, motero sinapusi imene yagwira ntchito imatha kudzilimbitsa popanda kusokoneza zinzake. Palinso mapuloteni oimitsa ntchitoyi ikakwanira. Imodzi ndi FMRP, ndipo ana obadwa opanda puloteni imeneyi, amene amakhala ndi matenda otchedwa Fragile X, amavutika kuphunzira. Choncho kuchuluka kwa mapuloteni pakokha sikuthandiza. Chofunika n'chakuti apangidwe pa nthawi yake, pamalo pake.

Wina anganene kuti nkhono si munthu. N'zoona, ndipo ubongo wathu ndi wovuta kwambiri kuumvetsa. Komabe CREB yomweyo yapezeka ikugwira ntchito yokumbukira mu ntchentche zazing'ono za pazipatso ndi m'mbewa, ndipo ilimonso m'maselo athu. Wina angafunse ngati kudya nyemba, usipa ndi mazira ambiri kungamuchititse kukumbukira zonse. Zakudya zimenezi n'zofunikadi, makamaka kwa ana, pakuti thupi limaziphwanya n'kupezamo zomangira. Koma zomangira sizilamula selo kuti limange. Lamulo limachokera ku uthenga wobwerezedwa.

Dandaulo limene limapweteka mtima ndi la amene amati anakula, mutu unauma. Ukalamba umachedwetsa kuphunzira, sitingakane, koma njira ya m'maselo imene tafotokozayi siitsekeka munthu akakula. Inu amene mukuphunzira kuwerenga, musapanikize phunziro lonse madzulo amodzi. Werengani pang'ono lero, mugone mokwanira, mawa mubwerezenso tsamba lomwelo musanapite kutsogolo.