TIMANGE PATI? PHUNZIRO LOCHOKERA KU CHONGONI

Pa tchuthi chapitachi ndinakhala nawo pa msonkhano wina kwathu, kufupi ndi phiri la Chongoni. Anthu anagwirizana zomanga mdadada wa sukulu ya ana aang'ono. Za njerwa, mchenga ndi malata anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Koma litafika funso loti "Timange pati?" sanachedwepo. Mkulu wina analoza kamalo kopanda mwini kutsidya kwa msewu wa tala, anthu n'kuwomba m'manja. Ine, pokhala mwana, ndinangoti chete, koma mtima unakana. Pajatu denga likadontha timafolera, khoma likang'aluka timamata, koma nyumba ikakhala pa malo olakwika simungainyamule. M'phunziro la Jogalafe nkhani imeneyi timaitcha kukonza mapulani a malo ndi a mayendedwe, ndipo ndaona kuti Chongoni ndi bolodi labwino lophunzirirapo.

Tiyambe ndi kuwerenga mitu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza. Aliyense mwa iwo afuna pogona, polima, potunga madzi ndi pogulitsa kachewere wake. Anthu akuchuluka koma dziko silitanuka ngati mphira. Tsono munthu wofuna malo atsopano kuno kwathu amakopeka ndi malo atatu: phiri, dambo ndi m'mbali mwa msewu.

Phiri limaoneka ngati lopanda mwini. Sizili choncho. Nkhalango ya Chongoni inaikidwa pansi pa chitetezo cha boma mu 1924, ndipo malire ake anasunthidwa kangapo pamene midzi ndi minda zinkayandikira. M'mapanga a m'deramo muli zojambula zakalekale pa malo 127, monga ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira akuti anajambula ndi Akafula, pamene zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kumanga pafupi ndi phanga n'kuitana utsi, mbuzi ndi ana olemba maina awo ndi makala pa chithunzi chomwe chapirira zaka mazanamazana.

Koma ngakhale munthu wosalabadira zojambula ayenera kuopa mtsetse. Mitengo ya m'phiri imagwira dothi ndi kulowetsa mvula pansi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake akasupe saphwa m'chilimwe. Mukadula mitengo n'kuika malata, madzi onse amathamanga pamwamba, nakumba zigwembe, nakokolola munda wa yemwe ali kumunsi. Akuluakulu akukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991. Ife achinyamata tinamva tokha za namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre. Anthu aja sanamange m'phiri chifukwa cha umbuli ayi. Ndi pomwe anapeza malo otsika mtengo pafupi ndi ntchito.

Za dambo sinditalikitsa. Ndi nkhokwe ya madzi ndi ya ndiwo za m'dimba, ndipo nyumba ya padambo imanyowa maziko, chimbudzi chake n'kuipitsa chitsime.

Tsopano msewu, womwe ndi nyambo yaikulu kuposa zonse. Msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza ndi Ntcheu umadutsa pafupi ndi kwathu. Mukakwera minibasi mudzaona kuti pa Chimbiya ndi pa Linthipe magolosale, zigayo ndi misika zandanda m'mbali mwa tala ngati mikanda pa ulusi. Chifukwa chake n'chomveka, ndipo sindikunyoza amayi athu ogulitsa tomato ndi kabichi: wogula ali m'galimoto, nanga iwo akakhale kuti? Koma taonani zotsatira zake. Msewu womwe unamangidwa kuti galimoto zipite kutali mofulumira wasanduka bwalo la msika. Dalaivala wa lole afuna kuthamanga, mwana afuna kuwoloka, wa kabaza afuna kutembenuka, onse pa tala mmodzi. Mu 2019 lole inalowa pakati pa anthu pa msika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu, pa msewu womwewu, ndipo anthu ambiri anafa.

Palinso vuto lina lomwe silituluka m'nyuzipepala. Mudzi wotalika ngati njoka ndi wodula kuusamalira. Mjigo ukakhala kumutu, a kumchira ayenda ulendo. Paipi ya madzi ndi nthambo ya magetsi ziyenera kutalika kuti zifikire mabanja ochepa. Tiyeni tichite kasamu pang'ono. Sukulu ikamangidwa makilomita 3 kuchokera pomwe pali ana, mwana ayenda makilomita 6 patsiku. Tikati masiku a sukulu ndi 180 pachaka, ndiye kuti ayenda makilomita 1,080. Dziko lathu la Malaŵi m'litali mwake silifika n'komwe makilomita 1,000! Ulendo wonsewo wausenza mwana wa Sitandade 1, m'chisanu cha ku Dedza cha mwezi wa Juni, chifukwa akuluakulu anasankha malo m'mphindi zisanu.

Nanga malo abwino ndi otani? Akatswiri a mapulani amati tiyambe tayang'ana pomwe pali kale anthu, madzi ndi njira, ndipo zomanga zatsopano tiziike pamodzi: sukulu, chipatala, msika ndi chigayo zikhale moyandikana kuti mayi pa ulendo umodzi akayezetse mwana kusikelo, agayitse, agule mchere. Malowo alumikizane ndi msewu waukulu kudzera pa kamsewu kolowera, osati kukhala pa tala penipeni. Maganizo amenewa si achilendo kuno. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 boma linakhazikitsa malo angapo a chitukuko cha kumidzi, ndipo ena mwa iwo anali pa Lobi m'boma lathu lino, patali ndi M1. Phunziro lake lili pawiri: kusonkhanitsa zinthu pamodzi n'kwabwino, koma ngati njira yokafika kumeneko ivuta nthawi ya mvula, amalonda amabwerera ku tala. Malo ndi msewu ziyenera kuganiziridwa tsiku limodzi.

Malamulo aliponso. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mapulani a malo lokhudza dziko lonse, osati mizinda yokha, pamodzi ndi lamulo la malo a makolo lokhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Komabe m'mudzi mwathu palibe anatchulapo lamulo tsiku lija. Amene amasankha malo kwenikweni ndi inu makolo, a Gulupu, ndi inu ansembe athu pamene mphakati kapena nthambi ya parishi ifuna kumanga tchalitchi kapena sukulu ya mkaka. Malo operekedwa mwaulere ndi ovuta kuwakana, ndikudziwa.

Madzulo a tsiku la msonkhano ndinalimba mtima n'kufunsa bambo anga: "Kodi abambo, ana ambiri akhala mbali iti ya msewu?" Anawerenga pa zala mabanja a mbali yathu, kenaka a kutsidya, n'kukhala kaye chete. Anati mbali yathu malo alipo, pafupi ndi mjigo, koma ndi munda wa munthu, ndipo pafunika kumupezera wina. M'mawa mwake anapita kukaonana ndi a Gulupu. Pomwe ndinkanyamuka kubwerera kuno kusukulu, uvuni wa njerwa unali utayaka kale, koma maziko anali asanakumbe.