Sipanala Yoyezera Manati a Mawilo: Kwa Madalaivala ndi Amakanika a ku Rufunsa

Amene mumayenda mumsewu wa Great East, kuchokera ku Chongwe kudzera pa Chinyunyu ndi pa Rufunsa mpaka kukatsikira ku Luangwa Bridge, mwaonapo galimoto itapendekeka m'mbali mwa msewu, wilo litathawira kuthengo. Ambiri amaloza chala maenje a mumsewu kapena kuchuluka kwa katundu, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma mukasuzumira pa habu mumapeza masitadi ataduka, ndipo kawirikawiri anayamba kuwaononga ndi munthu amene anamanga manati.

Chida chimene tikukulimbikitsani kugwiritsa ntchito pomanga manati chimatchedwa torque wrench. Ndi sipanala yaitali yokhala ndi manambala kuchigwiriro. Mumapotokola chigwirirocho kufika pa nambala imene galimoto yanu imafuna, n'kuika soketi, n'kuyamba kumanga. Nati ikalimba mokwanira, sipanalayo imalira kuti "kha" ndipo mumasiya. Manambalawo amalembedwa mu Nm. Toyota Corolla imafuna 103 Nm, ndipo magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 90 ndi 120 Nm. Nambala yanu ili m'buku la galimoto.

Chotsani chipaipi

Pafupifupi paliponse pamene pamakonzedwa matayala m'boma lino timaona chinthu chimodzi. Mnyamata amalowetsa chipaipi ku sipanala ya mawilo, n'kukwerapo ndi mapazi onse awiri, n'kumadumphira mpaka nati italira. Mwini galimoto amaimirira pambali akumwetulira, poganiza kuti wilo lake lamangidwa ngati la munthu wodziwa ntchito. Ena amachita kulamula kuti, "Iwe, onjezera pang'ono, ndikupita kutali."

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu wolemera makilogalamu 70 akangoima kumapeto kwa chipaipi chotalika mita imodzi, nati imalandira pafupifupi 700 Nm. Pa Corolla ija ndiye kuti wapitirira muyezo pafupifupi kasanu ndi kawiri, asanayambe n'komwe kudumpha.

Sitadi ikamangidwa bwino imatamuka pang'ono kwambiri, moti maso sangaone, ndipo kutamuka kumeneko n'kumene kumapanikiza wilo ku habu. Zili ngati mphira womangira matumba a makala panjinga: mukaukoka mokwanira umagwira, mukaukoka mopitirira umalefuka ndipo subwereranso. Sitadi yopitirira muyezo imaonda pakati, mazinga ake amatalikirana, ndipo mkati mumayamba timing'alu. Choopsa chake n'choti kawirikawiri siiduka pomwepo inu mukuona. Imadikira. Idzaduka tsiku limene mwanyamula chimanga kapena anthu, mabuleki atatentha pamitsetse yotsikira ku Luangwa, kapena mukugunda miyala mumsewu wafumbi wopita kwa Shikabeta. Imodzi ikaduka, zotsalazo zimasenza katundu wa mnzawo, ndipo popeza nazonso zinakokedwa ndi chipaipi chomwecho, sizichedwa kutsatira. Si onse amene wilo likachoka amatuluka bwinobwino. Ena amakathera kuchipatala ku Mpanshya.

Makina a mpweya omangira manati amene ali m'malo ambiri ogulitsira matayala ku Lusaka amachitanso zomwezo ngati wowagwira sasamala. Akakumangirani ndi makinawo, pemphani kuti amalize ndi torque wrench. Akakana, masulani manatiwo mukafika n'kumanganso pa muyezo.

Palinso chizolowezi chopaka girisi kapena oyilo wakuda pa masitadi kuti "asadzavute pomasula". Pa magalimoto ang'onoang'ono musatero. Nambala ya m'buku ndi ya mazinga ouma ndi oyera. Mukapaka mafuta nati imaterera, ndipo sitadi imakokeka kwambiri ngakhale sipanala ikusonyeza nambala yoyenera.

Kumanga mosakwana nakonso n'koopsa. Wilo limagwedera, mabowo a limu amakula, masitadi amadyeka. Mukamva kugogoda kuwilo, kapena mukaona mizere ya dzimbiri yochokera pa nati, imani.

Kamangidwe koyenera

Palani dzimbiri ndi dothi pa habu ndi kumbuyo kwa limu. Lowetsani nati iliyonse ndi dzanja kaye. Ikalimba isanapite patali, mazinga apingasa kapena natiyo si yake. Toyota zambiri zili ndi mazinga a M12 x 1.5 pamene Nissan ndi Suzuki zambiri zili ndi M12 x 1.25. Pamaso zimafanana, koma mukakakamiza mwapha sitadi. Manati otoleza m'chitini cha pagalaja ndi amene amabweretsa vuto limeneli.

Mangani pang'onopang'ono modumphitsa, nati iyi kenako ya kutsidya kwake, osati mozungulira. Tsitsani jeke kuti tayala ligunde pansi, kenako malizani ndi torque wrench modumphitsa momwemo. Kokani mosathamanga, dzanja lili pachigwiriro. Ikalira kamodzi, kwatha. Timaona ena akuiliza kawiri, katatu, n'kuonjezeranso ndi phazi. Pamenepo mwabwerera kuchipaipi, kungoti mwaononganso ndalama pogula chida.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, pimaninso manati onse. Amene mwasinthira tayala ku Chongwe, imani pa Chinyunyu kapena pa Rufunsa. Ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe, ndipo mudzadabwa kuona kuti nati ina yayendako pang'ono.

A Canter ndi malole ena a ku Japan, samalani: pa malole ambiri otere, masitadi a mbali yakumanzere mazinga ake ndi obwerera, ndipo amakhala ndi chilembo cha L kumutu. Anyamata ambiri adula masitadi amenewa akuganiza kuti akumasula, pamene akumangitsa. Manati a malole amafuna mphamvu yambiri, choncho ali ndi torque wrench yawoyawo yaikulu. Yaing'onoyi nthawi zambiri imathera cha pa 200 Nm.

Sitadi imodzi ikaduka chifukwa cha chipaipi, sinthani zonse za wilo limenelo. Musawotcherere sitadi yoduka, ndipo musanyamuke ndi manati atatu pomwe pamafunika asanu.

Mtengo ndi kasungidwe

Mitengo imasiyana malinga ndi mtundu wake ndi sitolo ya ku Lusaka imene mwagulako, ndipo imasinthasintha ndi mphamvu ya kwacha. Zotchipa kwambiri zina siziyeza molondola, choncho funsani kaye amakanika amene anagwiritsapo ntchito. Ngakhale zili choncho, yapakatikati iyenera kutchipirako poyerekeza ndi kugula habu, limu ndi tayala latsopano, osanena zolipira galimoto yodzakukokani. Madalaivala a pasiteshoni imodzi kapena a kopaletivu mutha kusonkherana n'kugula imodzi. Kunena zoona, galaja iliyonse ya m'mbali mwa Great East ikanakhala ndi chida chimenechi, masitadi oduka akanachepa kwambiri!

Musamasulire manati ndi torque wrench. Ntchito imeneyo ndi ya sipanala wamba. Musaiponye pansi kapena kukhomera nayo zinthu. Mukamaliza, bwezani chigwiriro pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i ya mkati isatope, ipukuteni fumbi, ndipo muisunge m'bokosi lake.