Mantha a Kuzulitsa Dzino

Mayi ena a ku Lirangwe atilembera kuti dzino lawasowetsa tulo, koma akangoganiza zokazulitsa, mtima umawagunda ndi mantha.

Amayi athu a ku Lirangwe, mtima wanu usavutike, pakuti dokotala asanakhudze dzinolo amabaya jakisoni wochititsa dzanzi m'nkhama, kotero kuti mungomva kugwedeza popanda ululu. Ndipo amene mantha awapambana angathe kupatsidwa mankhwala okhazika mtima pansi, kapena, ntchito ikakhala yaikulu, kugonekedwa tulo ku chipatala chachikulu monga cha Gulupu, atasala kudya ndiponso atabwera ndi wowaperekeza.

Omvera nonse, a ku Chileka ndi kwina konse, muuzeni dokotala za mantha anu, ndiponso ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena pakati. Funsani momasuka, popeza safunsa anadya phula.