PHUNZIRO LA CINGEREZI LITETEZE MITENGO YA KU NENO

Aliyense woyenda pa mseu wa ku Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda. Ambiri mwa makalawo ndiyo mitengo ya m'mapiri a Neno. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka ya m'minda niitaya mu Lisungwi ndi mu Shire. Matope a mu Shire amabvutitsa makina a magetsi, monga a ku Nkula amene anayamba nchito mu 1966. Comweco mlimi ataya nthaka, dziko nalo lisowa magetsi.

Kodi mphunzitsi wa Cingerezi angacitepo ciani? Sitinena kuti aonjezere phunziro lina ai. Mwana amagwira msanga mau acilendo akamanena za cinthu cimene ali kuciona ndi maso. Tsono pokonza phunziro, mphunzitsi alembe zolinga ziwiri: cina ca cinenero, cina ca kusamala dziko.

Naci citsanzo ca Standard 6.

1. Dzulo lake, ana afunse agogo ao mitengo imene inali pafupi ndi sukulu kale.

2. M'mawa turukani nao, mukaime pa cigwembe kapena pa zitsa. Aloze ndi kuchula mau awa: tree, stump, soil, gully.

3. M'kalasi anene zakale m'Cingerezi: "There were many mbawa trees here."

4. Aphunzitseni mau oti "if": "If we cut down the trees, the rain will wash away the soil." Mwana aliyense apange ciganizo cace.

5. Potsiriza alembe kalata yopempha anyakwawa malo a nazale ya mitengo.

Cenjerani ndi cinthu cimodzi. Ana ena amabvala yunifolomu yogulidwa ndi ndalama za makala. Musanyoze makolo ao, pakuti mwana wamanyazi satsegula pakamwa. Afunseni anawo njira zina zopezera ndalama, monga kuweta njuci ndi kubzala zipatso.

Ophunzira uphunzitsi ku makoleji, monga ya ku Blantyre, ayese kukonza phunziro lotere asanapite kukayesera m'masukulu. Aphunzitsi akale nao aonetsane maphunziro ao pa misonkhano ya zoni.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December nitha pa 15 April. Nazale ikonzedwe mvula isanagwe, kuti cimene ana analemba m'kope acione cili kumera. M'mera mpoyamba.