Momwe ngalawa ya thanga imapitira komwe mphepo ikuchokera

Mwera ukamawomba pa Nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ngalawa ya thanga yochoka ku Mangochi kulowera kumpoto siivutika. Mphepo imaikankha kumbuyo, ndipo ngakhale thanga la zigamba limayendetsa. Luso limaoneka paulendo wobwerera, pamene mphepo ili kumaso. Pa mipikisano ya ngalawa padziko lonse, opambana amadziwika kwambiri pa gawo limeneli. Anthu ambiri amaganiza kuti wopambana ndi amene ali ndi thanga lalikulu, koma popita komwe mphepo ikuchokera, chimene chimayendetsa ngalawa ndi kapindikidwe ka thangalo.

Palibe ngalawa ya thanga imene ingalunjike ndendende kumaso kwa mphepo. Ikatero, thanga limangokupiza ndipo ngalawa imaima. Ngalawa yabwino imayenda mopendekera, pafupifupi madigiri 45 kuchokera komwe mphepo ikuchokera, kenako n'kutembenukira mbali inayo, n'kumapita mokhotakhota mpaka kufika. Poyenda chonchi, mphepo siimenya thanga kumbuyo. Imadutsa mbali zonse ziwiri, ndipo thanga lopindika limaikhotetsa. Kunja kwa mimba ya thanga mpweya umathamanga kwambiri ndipo mphamvu yake yokankha imachepa, choncho thanga limakokedwera kumeneko, monga limachitira phiko la ndege. Vuto ndi lakuti mphamvu yambiri imakankhira ngalawa cham'mbali, yochepa yokha ndiyo imaloza kutsogolo. N'chifukwa chake pansi pa ngalawa amaikapo chipsepse chachitali cholowa m'madzi, chimene chimakana kutsetsereka cham'mbali. Ganizirani njere yonyowa ya dzungu itapanidwa pakati pa zala ziwiri: imapulumukira kutsogolo. Mphepo ikupana mbali ina, madzi akupana mbali inayo, ngalawa n'kuyenda.

Wina anganene kuti thanga lotuwuka kwambiri limagwira mphepo yambiri, ndiye liyenera kukhala lamphamvu. Mphamvu ilipodi, koma ikupita kuti? Thanga la mimba yaikulu limapendeketsa ngalawa. Ngalawa ikapendekeka mopitirira, mutu wake umafuna kutembenukira kumphepo, ndipo woyendetsa amayamba kulimbana nayo pokoka chiwongolero. Chiwongolero chokhotetsedwa kwambiri chimakoka madzi n'kuchepetsa liwiro. Pa 22 Ogasiti 1851 ngalawa yochokera ku New York yotchedwa America idagonjetsa ngalawa za ku Britain pa mpikisano wozungulira chilumba cha Isle of Wight. Matanga ake anali a thonje, osokedwa mosatuwuka, pamene ngalawa za ku Britain zinali ndi matanga a nsalu ya fulakesi, otamuka ndi amimba. Thupi la America losongoka kutsogolo lidathandizanso, sitingakane, koma matangawo adakopa maso a osoka matanga a ku Britain, amene adayamba kusoka awo mophwatalala. Chikho cha tsiku limenelo ndicho chimene lero chikutchedwa America's Cup.

Choncho ntchito ya woyendetsa ndi kuumba thanga molingana ndi mphepo ya ola limenelo, ndipo ali ndi zingwe zochitira zimenezi. Ntchitoyi imayamba ngalawa isanachoke pagombe. Mlongoti uyenera kuima pakatikati, mawaya a mbali zonse ziwiri atakungidwa mofanana, chifukwa ukatsamira mbali imodzi ngalawa imayenda bwino ikakhotera kumanja koma n'kumakwawa ikakhotera kumanzere. Ali pamadzi, amakoka chingwe chimene chimatambasula thanga chakumunsi, motsata mtengo wopingasa, ndipo mimba imachepa. Pali waya wina wochokera pansonga ya mlongoti kutsikira kumbuyo kwa ngalawa. Ukakungidwa, mlongoti umapindika pang'ono, pakati pake n'kusunthira kutsogolo, ndipo umakoka nsalu n'kuphwatalalitsa thanga. Palinso kachingwe kokokera pansi m'mphepete mwa thanga pafupi ndi mlongoti, kamene kamatchedwa dzina la Briggs Cunningham, amene adapambana America's Cup mu 1958. Mphepo ikakula, mimba ya thanga imathawira kumbuyo, ndipo kachingwe aka kamaibwezera kutsogolo. Kusintha kumeneku sikungazengerezedwe, pakuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Thanga limene linali bwino m'mawa limakhala mtolo masana.

Mphepo siioneka, ndiye woyendetsa amadziwa bwanji kuti wakonza bwino? Pafupi ndi m'mphepete mwa kutsogolo kwa thanga amamatapo tiulusi tiwiri, kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo, ndipo kakuseri kamaoneka ngati chithunzithunzi kudzera m'nsalu. Tonse tiwiri tikagona molunjika kumbuyo, mpweya ukuyenda bwino. Kaulusi ka mbali ya mphepo kakayamba kuvina, ndiye kuti ngalawa yayandikira mphepo kwambiri kapena thanga lamasuka. Kakuseri kakamazungulira, ndiye kuti thanga lakokedwa mopitirira, mpweya wasiya kulitsata. Cholakwa chachiwirichi n'chofala kwa ophunzira, ndipo n'chobisika, chifukwa thanga lomangitsitsa silikupiza, limaoneka lokongola ndi lodzaza pamene ngalawa ikungodzikoka.

Funso lina ndi lomveka ndithu. Ngati kukhotakhota kumatalikitsa ulendo, bwanji osayandikira mphepo momwe ngalawa ingathere? Tiwerenge. Ngalawa yoyenda pa madigiri 45 imayenda pafupifupi kilomita imodzi ndi mamita 400 kuti iyandikire kopita ndi kilomita imodzi. Yoyenda pa madigiri 60 imayenda makilomita awiri athunthu. Apa woyandikira mphepo akuoneka wanzeru. Koma tiyerekeze kuti ngalawa ikuthamanga makilomita 10 pa ola pa madigiri 45. Pa ola limodzi yayandikira kopita ndi makilomita 7. Woyendetsa akaikakamiza kufika pa madigiri 40, liwiro n'kutsika kufika pa makilomita 8, ndiye kuti pa ola lomwelo yangoyandikira ndi makilomita 6. Njira yafupika, koma afika mochedwa. Kuwonjezera apo, chipsepse cha pansi chimagwira bwino madzi ngalawa ikamathamanga. Ikachepa liwiro imayamba kutsetsereka cham'mbali, ndipo madigiri aja amene ankawafuna amawataya osadziwa.

Sitikunena kuti thanga lophwatalala ndi labwino nthawi zonse. Mphepo ikakhala yochepa, kapena mafunde akamamenya mutu wa ngalawa n'kumaibweza, pamafunika mphamvu yoibwezeretsa pa liwiro pakatha funde lililonse. Zikatero woyendetsa amamasula pang'ono waya wa kumbuyo ndi chingwe cha kumunsi kuti mimba ibwerere, n'kulola ngalawa italikire mphepo ndi madigiri angapo. Mafunde amakhalabe aakulu kwa nthawi mphepo itachepa kale, ndipo pa nthawi yoteroyo thanga limene lidaphwatalalitsidwa mwera uli pachimake liyenera kumasulidwa msanga, osadikira kuti madzi akhale bata.