Mau Awiri Ofanana: Persecute ndi Prosecute

Ana a sukulu a m'boma la Chongwe, ngakhale ena ophunzira uphunzitsi ku Chalimbana, amapunthwa kawiri kawiri pa mau awiri a Cingerezi, ndiwo persecute ndi prosecute. Pakamwa amveka ngati ana a mimba imodzi, ndipo alidi otero, pakuti onse awiri anacokera ku liu la Cilatini lakuti sequi, ndiko kutsata. Koma nchito zao zisiyana kutari.

Prosecute ndiko kutengera munthu ku bwalo la milandu monga mwa lamulo, kumene kuli mboni ndi woweruza, ndipo woimbidwa mlandu apatsidwa malo a kuyankha. Persecute ndiko kulondola munthu kosaleka ndi mtima wa kumsautsa. M'Cinyanja ndiko kuzunza. Kumenya mnansi kamodzi mu mkwiyo ndi ucimo ndithu, koma Mngerezi sati persecute pamenepo ai. Liuli lifuna kubwereza, lero, mawa ndi mkuja, monga galu wa mlenje wosataya fungo la nyama kufikira yagwa.

M'Cipangano Catsopano, cimene cinalembedwa m'Cihelene, liu lace ndilo dioko, nalonso litanthauza kuthamangitsa. Saulo sanakhuta ndi kusautsa ophunzira a ku Yerusalemu okha, koma anapempha akalata kwa mkulu wa ansembe kuti akagwire ndi a ku Damasiko omwe, ulendo wa masiku angapo (Macitidwe 9). Codabwitsa ndi ici: m'kalata wace kwa Afilipi, mutu 3, Paulo achula liu lomweli ponena za kuzunza kwace Mpingo kale, nalichulanso ponena za kuthamangira kwace mfupo wa Mulungu. Miyendo ya munthuyo sinacepe liwiro, inangotembenuzidwa njira.

Mpingo wa mu Africa ulidziwa liuli ndi mwazi. Ku Uganda, pa 3 June 1886, mfumu Mwanga inatenthetsa anyamata a bwalo lace ku Namugongo cifukwa ca cikhulupiriro cao, Akatolika ndi Aanglikani pa moto umodzi.

Tsono Mkristu acenjere polichula liuli. Mbala ya ng'ombe ikagwidwa ndi apolisi ndi kuimirira pamaso pa woweruza, isalire kuti ilikuzunzidwa. Imeneyo ndi prosecute basi. Petro yemwe anasiyanitsa kumva zowawa ngati mbala ndi kumva zowawa ngati Mkristu (1 Petro 4).

Coopsa coposa ndi cakuti kuzunza kumacitika m'midzi ya anthu obatizidwa, ndipo ocicitawo sacicha ndi dzina lace. Pakafa mwana, anthu aloza cala gogo wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Amthawa pa citsime, ana aponya miyala pa tsindwi lace, ndipo pa Sabata palibe wofuna kukhala naye pa benci limodzi. Palibe mmodzi wamkantha ndi nkhwangwa, koma onse pamodzi amlondola kufikira athawa mudzi wa makolo ace. Comweconso mkazi wamasiye, misozi isanaume, alamu ace abwera lero kudzatenga ng'ombe, mawa malata a pa nyumba, mkuja mbeu ya cimanga.

Pa zinthu ziwirizi lamulo la Zambia silinakhala cete. Lamulo lonena za ufiti liletsa kuchula munthu mfiti, ndipo wotero angathe kulangidwa. Lamulo la caka ca 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosalemba cifuniro cace ligawa cumaco motere: pa magawo 100, ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndi ena amene anali kuwasunga 10. Mbale wolanda gawo la wamasiye kapena la ana ace apalamula mlandu, ndipo kotero iye amene anayamba ndi persecute m'mudzi angathe kukomana ndi prosecute ku bwalo. Akulu a Mpingo ndi mafumu a midzi akamva dandaulo lotere, ayenera kumperekeza wamasiyeyo kukanena, pakuti ambiri aopa kupita okha.