Kodi Mankhwala Otsukira Mano Angaziziritse Kompyuta?

Anzanga, makompyuta athu pa seminale pano ndi owerengeka ndiponso okalamba. Imodzi ikafa timapanikizana atatuatatu pa yotsalayo. N'chifukwa chake ndati tiphunzireko za kaphala kamene amapaka pa purosesa, kamene amisiri amati thermal paste, ndi zinthu zimene ena amapaka kaphalaka kakasowa.

Purosesa ikamagwira ntchito imatentha kwambiri. Tsono pamwamba pake amakhazikapo chitsulo cha aluminiyamu kapena cha mkuwa chotchedwa heat sink, chimene chimayamwa kutenthako, fani n'kumakuuluza. Purosesa ndi chitsulocho zimaoneka zosalala, koma zili ndi timaenje tosaoneka ndi maso momwe mumatsalira mpweya. Pajatu m'phunziro la Physics tidamva kuti mpweya ndi waulesi ponyamula kutentha: madzi amauposa koposa ka 20. Ntchito ya kaphalaka ndi kudzaza timaenjeto kuti mpweya uchoke, basi.

Ambiri amathamangira mankhwala otsukira mano. Kodi amagwira? Inde, tsiku loyambalo. Mu 2002 Daniel Rutter wa ku Australia adawayesa pamodzi ndi Vegemite, chakudya chopaka pa buledi cha kwawoko, ndipo poyambapo zonse ziwiri zidapikisana bwino ndi phala logula. Chinsinsi chake ndi madzi amene ali m'katimo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi omwewo amauma ndi moto wa purosesa, chotsalacho chimang'aluka ngati dothi la m'dambo mu Okotobala, mpweya n'kubwerera. Purosesa zambiri zikayandikira madigiri 100 zimayamba kuyenda pang'onopang'ono kuti zisapse, kenaka kompyuta imazima yokha. Mwiniwake, poti adaona zikuyenda dzana, amakanamizira vairasi.

Vaseline sauma, koma amasungunuka kutentha kusanafike n'komwe madigiri 70, ndipo amayenderera. Kapepala ka aluminiyamu kokutira chakudya ndiye musayerekeze: kamakwinyika, ndiponso kamayendetsa magetsi, kotero kachidutswa kakagwera pa motherboard kangathe kuwotcha zonse.

Chimene ine ndingavomereko pang'ono ndi mafuta oyera opaka makanda pa zilonda za thewera, aja okhala ndi zinc oxide. Ngoyandikirako, chifukwa phala loyera lotchipa nalonso ndi zinc oxide wosakaniza ndi mafuta a silicone. Komabe akhale a masiku owerengeka, pongofuna kupulumutsa mafayilo kapena kumaliza kutaipa mayeso.

Ngati chitsulo sichinagwedezeke ndipo kompyuta sikutentha, musachichotse dala. Mukachichotsa, mutapempha chilolezo kwa aphunzitsi, yambani mwazula waya wa magetsi, pukutani phala lakale ndi kansalu konyowetsa ndi sipiliti, dikirani paume, kenaka ikani latsopano pakati penipeni, kadontho konga njere ya nandolo. Chitsulo chikatsindira lidzafalikira lokha. A Bambo osunga chuma, komanso inu makolo odzatiyendera, kachubu kamodzi kakang'ono kamakwanira makompyuta angapo, ndipo kamapezeka m'masitolo ogulitsa zida za kompyuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre.